Nyumba ya Mandala ndi Njira Zodzera ku Phalombe

Munthu wochokera ku Phalombe, akatsika basi ku Limbe nakwera ina yolowera m'kati mwa mzinda wa Blantyre, maso ake amathamangira ku nyumba zazitali zagalasi, za mabanki ndi za makampani a masiku ano, kotero kuti n'kwapafupi kwa iye kudutsa osazindikira kuti pakamtunda kena, kuseri kwa mitengo, pali nyumba yosanja ya dothi imene inaimirira kale mzindawo usanakhale mzinda, Boma la Angerezi lisanakhazikike m'dziko muno, ngakhale tchalitchi chotchuka cha St Michael and All Angels chisanaikidwe maziko. Nyumbayo ndi ya Mandala, yomangidwa m'chaka cha 1882, ndipo pa nyumba zonse zomangidwa mwa mamangidwe a Chizungu zimene zikali chiimire m'Malawi, palibe yoiposa ukalamba. Ife a kuchigwa, okhala pansi pa Michesi ndi Mulanje, timaiyesa ya eni mzinda. Koma ndikhulupirira kuti tikailondola bwino mbiri yake tidzapeza kuti mapazi a makolo athu ali m'menemo, ndi kuti sitolo iliyonse ya khonde ndi malata imene tinakulira tikugulamo mchere pa Migowi kapena pa Chiringa ili ndi chibale ndi nyumba imeneyi.

Chiyambi chake chili ku Glasgow, m'dziko la Scotland. Dr David Livingstone atamwalira mu 1873, anthu a kwawo anagwira mawu ake onena kuti malonda a akapolo sadzatha ndi ulaliki wokha, koma pokhapokha patadza malonda ena oyera amene angapatse mafumu nsalu ndi mikanda popanda kugulitsa ana a anzawo. Mishoni ya Livingstonia inafika ku nyanja mu 1875, ya Blantyre inakhazikika m'dziko la Mfumu Kapeni mu 1876, ndipo posachedwa amishoniwo anaona kuti sangathe kulalikira, kuchiritsa, kuphunzitsa, nakhalanso iwo omwe ogula ndi onyamula katundu wawo kuchokera kugombe la nyanja yamchere. Chifukwa chake mu 1878 amalonda ena opembedza a ku Glasgow, mmodzi wa iwo James Stevenson, anayambitsa kampani yotchedwa Livingstonia Central Africa Company, imene pambuyo pake inadziwika ndi dzina la African Lakes, natumiza abale awiri, John Moir ndi Frederick Moir, ana a sing'anga wa ku Edinburgh, kuti akhale oyang'anira ake. John ankavala mandala a m'maso, chinthu chimene anthu a kuno anali asanachizolowere, ndipo dzina limene anam'patsa linam'pitirira mwini wake, linagwera nyumba, linagwera kampani, mpaka lero ndilo dzina la dera lonse limene nyumbayo ili.

Tiyeni tiime pa nyumba yeniyeniyo, pakuti m'mamangidwe ake muli nzeru zimene omanga a lero, okonda simenti ndi galasi, angachite bwino kuzilingalira. Pa nthawi imene inkamangidwa kunalibe njanji, kunalibe msewu wa ngolo, ndipo chilichonse chochokera kunja, kaya ndi msomali, kaya ndi loko wa pachitseko, chinkayenda miyezi panyanja ndi pamtsinje chisanakwere mapiri pamutu pa munthu. Omangawo anayenera kutenga chimene nthaka inawapatsa: dothi, udzu, mitengo ndi dzuwa. Makoma ake ndi a njerwa zoumitsa padzuwa, zimene ife timazitcha zidina, zolumikizidwa ndi matope, monga momwe aliyense wa ku Phalombe amene anapondapo dothi, nadzaza chikombole, nayanika njerwa pabwalo akudziwira. Chodabwitsa n'chakuti ndi zipangizo za mmphawi zoterezi anaimika nyumba yosanja, ya zipinda pansi ndi zipinda pamwamba, yoyamba ya mtundu wotere m'dziko lino. Ndipo kuti dothi lisenze kulemera kwa chipinda cham'mwamba ndi denga lake, makomawo anawapanga ochindikala kwambiri, amene masana a mwezi wa Okutobala amasunga kuzizira m'kati, ndipo usiku wa chiperoni amasunga kufunda.

Koma chimene chasunga nyumbayi zaka zoposa 140 ndi khonde. Mdani wamkulu wa khoma la zidina ndi mvula yowomba cham'mbali, imene imanyambita dothi pang'onopang'ono kufikira khoma litadyeka kunsi n'kugwada. Ndipo omanga a Mandala, pozindikira ichi, anazinga nyumba ndi khonde lotakata lochirikizidwa ndi mizati, natambasula denga kuti lifike kutali ndi makoma, kotero kuti madzi a padenga amagwera pabwalo osakhudza dothi. Mlendo amaona khondelo nati analiikira kukongola, kapena kuti bwana azikhalapo madzulo akumwa tiyi; zimenezo zilipo ndithu, koma ntchito yake yoyamba ndi ya chofunda cha makoma. Amayi athu amene amakhoma kakhonde kadothi kuzungulira nyumba ya kumudzi, naumiriza abambo kuti udzu wa padenga utsike bwino, akutsata lamulo lomwelo, ndipo sanaliphunzire kwa Mzungu.

Mabuku a mbiri amatchula John ndi Fred Moir monga omanga nyumbayi, ndipo ulemu wawo sitiwalanda, pakuti anali anthu olimba mtima, opirira malungo ndi maulendo a pansi. Komabe mutu umodzi susenza denga. Amene anakumba dothi, amene anatunga madzi kumtsinje, amene anagwetsa mitengo ndi kuicheka ndi sowo wa anthu awiri, amene anakweza mitanda pamwamba popanda makina, anali Ayao ndi Amang'anja a m'midzi yozungulira, olipidwa ndi mikono ya nsalu. Ndikaganiza za iwo ndimakumbukira ana a Israele oumba njerwa ndi udzu m'dziko la Ejipito, ngakhale kuti awa a kuno sanagwire mwaukapolo; chofanana n'chakuti mzinda ukatha kumangidwa umatchedwa ndi dzina la wolamula, ndipo a manja amatope amabwerera kwawo mwakachetechete.

Nyumbayi inali yogonamo oyang'anira kampani, koma inali mtima wa bwalo lalikulu la malonda, lokhala ndi mosungira katundu ndi mosungira zida, lozingidwa ndi linga. Lingalo silinali lachabe. M'chaka cha 1884 Mzungu wina dzina lake George Fenwick, amene anagwirapo ntchito ku mishoni ndi ku kampani, anawombera Chipatula, mfumu ya Amakololo kuchigwa cha Shire. Anthu a mfumuyo anam'pha iyenso, namiza sitima ya kampani yotchedwa Lady Nyassa, ndipo njira ya kumtsinje inatsekeka kufikira atakambirana. Chaka chomwecho Angoni a Chikuse anawoloka Shire nathira nkhondo m'mapiri a kuno, ndipo anthu ambiri anathawira kwa Azungu a ku mishoni ndi a ku Mandala. Choncho nyumba imene inadza m'dzina la malonda a mtendere inayamba masiku ake ili theka sitolo, theka linga la nkhondo. Ndipo patangopita zaka zitatu kampani yomweyo inalowa m'nkhondo yeniyeni ku Karonga, yolimbana ndi Mlozi ndi anzake ogulitsa akapolo, m'mene abale onse awiri anavulazidwa ndi zipolopolo. Mlozi anadzagonja mu 1895, pamene Harry Johnston, mkulu wa Boma la Angerezi m'dziko muno, anagumula linga lake nam'pachika.

Apa ndi pamene nkhani ya Mandala ikumana ndi ya kwathu. Pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi pali mpata umene aliyense wa ku Phalombe amaudziwa, ndipo m'masiku amenewo mpatawo unali khomo la misozi, pakuti magulu a akapolo ogwidwa kumtunda ankadutsa pamenepo, magoli ali m'khosi, kulowera kum'mawa kunka ku Quelimane ndi madoko ena a kunyanja yamchere. Mafumu a Chiyao a m'mbali mwa phirilo, monga Matipwiri ndi Mkanda, anali ndi mphamvu pa njira zimenezi, nalemera nazo. Nsalu, mfuti ndi onga zinkalowa m'dziko kudzera njira ya kum'mawayo, ndipo mtengo wake unali minyanga ya njovu ndi anthu. Cholinga cha kampani ya Mandala chinali kupatutsa chuma chimenechi, kuti minyanga itsikire ku Shire ndi Zambezi pa sitima m'malo moyenda pamapewa a akapolo, ndi kuti nsalu ipezeke ku Blantyre kwa aliyense wobwera ndi kanthu kogulitsa kapena ndi mphamvu za manja ake. Sitolo yokha sikadatha kutseka mpatawo; anautseka ndi asilikali. Dziko litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, Johnston anamangitsa linga pampatapo mu 1893, nalitcha Fort Lister, naikamo asilikali, ena a iwo Asikhi ochokera ku India. Kuyambira pamenepo nkhope ya chigwa cha Phalombe inatembenuka: m'malo moyang'ana kum'mawa kumene malonda akale ankapita, inayamba kuyang'ana kumadzulo, ku Blantyre, kumene kunali Mandala.

Tisafulumire kuimba nyimbo ya chiwombolo, pakuti akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mtsinje wa Shire uli ndi mathithi pakati pake amene sitima singawadutse, kotero katundu yense wochokera kunja ankatsitsidwa kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa, nakwezedwa phiri mamailosi pafupifupi 30 kufika ku Mandala, nachokanso ku Mandala kutsikira ku Matope kumene sitima zina zinkadikira kupita naye kunyanja. Ntchito yonseyi inali ya amtengatenga. Munthu mmodzi ankasenza mtolo wa mapaundi 50 kapena 60, nkhata ili pamutu, kapitawo ali pambuyo. Zitsulo za sitima zimene zinakayandama pa nyanja ya Malawi zinakwera mapiri amenewa zili zidutswazidutswa pamitu ya anthu, ndipo Azungu eni ake ankayenda m'machila onyamulidwa ndi amuna othamanga akuimba. Poyamba kampani inkadalira anthu a pafupi ndi Atonga ochokera ku Bandawe, kenaka Angoni. Ndipo Boma litaika msonkho wa nyumba wa mashilingi 3, umene unkafuna ndalama kumene anthu analibe ndalama, amuna ambirimbiri anakakamizika kunka kukasenza kapena kukalima m'minda ya Azungu. Goli la mtengo linachoka m'khosi, koma mtolo unatsala pamutu, ndipo anthu osawerengeka anafooka ndi njala ndi matenda m'njira zimenezo kufikira njanji itafika ku Blantyre mu 1908.

M'zaka zomwezo, kuyambira cha m'ma 1890 kunka m'tsogolo, makolo a ambiri a ife, Alhomwe, anayamba kuwoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa msonkho wowawa ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ndi njala. Analowa mabanjamabanja kudzera m'chigwa chomwechi, kum'mwera kwa nyanja ya Chilwa, ena nakhazikika m'mphepete mwa mtsinje wa Phalombe, ena napitirira ku Chiradzulu, ku Thyolo ndi ku Zomba kumene eni minda ankawalandira ndi manja awiri chifukwa anali alendo opanda malo, osatha kukana thangata. Thukuta lawo ndilo linakulitsa minda ya thonje, ya fodya ndi ya tiyi, ndipo kandalama kamene ankalandira, kakapulumuka kwa wokhometsa msonkho, kankathera pa kauntala ya sitolo, pogula khasu, mchere, bulangete ndi nsalu ya biriwita. John Moir mwini wake, atasiya kuyang'anira kampani, anadzakhala mnansi wathu kuseri kwa phiri, pa munda wa Lauderdale ku Mulanje, kumene anali mmodzi wa oyamba kulima tiyi.

Kampani nayo inasintha mtima pamene inkakula. Imene inayamba ngati mtumiki wa mishoni, yokana kugulitsa mowa kwa anthu, inayamba kusirira ufumu: inasainitsa mafumu mapangano, inadzitengera dziko la maekala oposa 2 miliyoni kumpoto kwa nyanja, ndipo itasauka ndi nkhondo ya ku Karonga inagwa m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes, imene inatenga malowo. Inapikisana ndi Eugene Sharrer wa masitolo a Kabula ndi abale a Buchanan. Inatsegula banki yoyamba m'dziko muno mu 1894. Inafalitsa masitolo m'maboma ndi m'misika kufikira dzina la Mandala litamveka kuyambira ku Port Herald mpaka ku Karonga, ndi kutsidya ku Northern Rhodesia. Pambuyo pake ana a m'badwo wina analidziwa dzinalo chifukwa cha galimoto zimene kampaniyo inkagulitsa.

Usiku wina wokha pa mbiri ya bwaloli uyenera kukumbukiridwa padera. Loweruka pa 23 Januwale 1915 anthu a Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, ambiri a iwo Alhomwe olemedwa ndi thangata la m'minda ya Bruce, anaukira ku Magomero. Ndipo gulu lina linayenda usiku wonse kunka ku Blantyre, kukathyola nyumba ya zida ya Mandala, podziwa kuti mikondo yokha singaime pamaso pa Boma. Anafika m'bandakucha, anathyola, koma mfuwu unamveka msanga, ndipo anathawa ndi mfuti zowerengeka chabe ndi zipolopolo pang'ono. Kulephera kumeneko kunatsogolera kugwa kwa chiwembu chonse. Patapita masiku ochepa, pa 3 Febuluwale, Chilembwe anawomberedwa akuthawira kumalire a Mozambique, m'dziko limene pa nthawiyo lonse linkatchedwa boma la Mulanje, lomwe Phalombe anali mbali yake kufikira atapatulidwa kukhala boma palokha mu 1998. Ndimaona kuti n'chinthu cholemera kuchilingalira, kuti adzukulu a anthu amene kampani inati yadza kudzawamasula anadzaima pakhomo pake usiku, akufunafuna zida zodzimasulira.

Za masitolo a kumidzi ndinene mwachidule, ngakhale kuti ndiwo amene ambiri a ife tinawaona ndi maso. Amwenye, amene anayamba kufika m'masiku a Johnston, ndiwo anatengera malonda a kauntala kumalo kumene kampani zazikulu sizinafike, ndipo nyumba zawo zinatsata chifaniziro chimodzi: khoma lochindikala, denga la malata, khonde la mizati kutsogolo kumene telala amakhala ndi makina ake, sitolo kumaso, banja kuseri, ndi bwalo lotsekedwa la katundu kumbuyo. Ndiwo mamangidwe a Mandala atachepetsedwa kuti akwane pamsika wa kumudzi. M'zaka za m'ma 1970 Boma la Dr Kamuzu Banda linalamula Amwenye kuti achoke kumidzi akachite malonda m'mizinda ikuluikulu, ndipo nyumba zambiri zotere zinatsala m'manja mwa eni dziko, zina zikugwirabe ntchito, zina zinasanduka mabwinja.

Tikayerekeza mathero a nyumba ziwiri za nkhani yathu, tipeza phunziro la mmisiri. Fort Lister inagwira ntchito zaka pafupifupi 10 zokha. Njira ya akapolo itatsekeka, asilikali anachoka, denga linagwa, ndipo lero wokwera kumpatako amapeza zidutswa za makoma m'thengo, ndi manda a Gilbert Stevenson, wantchito wa Boma amene anali mbale wa mlembi wotchuka Robert Louis Stevenson. Mandala, ngakhale ndi ya dothi, ikali chiimire chifukwa sinakhalepo yopanda anthu: nthawi zonse panali wina woona pamene denga layamba kudontha, wina wothamangitsa chiswe chisanakwere mizati, wina wopaka laimu. Ife a ku Phalombe, amene tinaona m'mwezi wa Malichi 1991 madzi ndi miyala zikutsika m'phiri la Michesi ndi kukokolola midzi, nyumba ndi anthu mazanamazana, tikudziwa kuposa ena kuti chomangidwa ndi manja sichikhalitsa pachokha. Ndipo chifukwa cha chimenecho ndimamva chisoni ndikaona linga la pampata, limene Boma linaliika m'gulu la malo osungidwa a mbiri ya dziko monga linachitira ndi Mandala, likusiyidwa kuti mizu ya mitengo ilimalize.

Lero m'zipinda za pansi za nyumba ya Mandala muli malo oonetsera ndi kugulitsa zojambula ndi zosema, ndi malo odyera amene matebulo ake amafika pakhonde ndi m'munda. Wokwera makwerero a matabwa kunka m'chipinda cham'mwamba amapeza laibulale ya bungwe la Society of Malawi, limene linayamba mu 1946 ndi dzina la Nyasaland Society, ndipo lasonkhanitsa mabuku, mapu, magazini ndi zithunzi zakale za dziko lino. Zambiri mwa zimenezo zinalembedwa ndi Azungu, m'Chingerezi, ndi maso a Chizungu. Buku la Fred Moir lotchedwa After Livingstone, losindikizidwa mu 1923, limasimba nkhani ya kampani monga mwini wake anaionera ali pakhonde. Koma mwana wa ku Phalombe wodziwa kuwerenga mosamala akhoza kupeza m'mapepala otere maina a midzi ya kwawo monga analembedwera kale, njira zimene amtengatenga ankadzera, ndi nkhope za amuna osenza mitolo oima pamzere kutsogolo kwa sitolo. Aphunzitsi a mbiri a m'masekondale a ku Phalombe, a ku Migowi ndi a ku Chiringa angachite bwino kutenga ophunzira awo ulendo wa mbali ziwiri, kuyamba ndi kukwera ku Fort Lister, kenaka kupita ku Mandala, ndipo pobwerako awatume kwa agogo awo kukafunsa za thangata, za msonkho ndi za sitolo yoyamba ya pamsika wa kwawo, nazilemba m'Chichewa ndi m'Chilhomwe okalambawo akali moyo.